Ku Ndiwozatha, kuseri kwa mipanda

Ndinanyamuka pakhonde la sitolo ku Area 2 cha m'ma 11 koloko, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Ndine telala, ndipo makina anga akhala pakhonde limenelo zaka zambiri. Tsiku limenelo ndinali ndi bambo anga, omwe ndinakawatenga kumudzi kuti azilandira mankhwala a shuga kuno kutauni. Shugayo ndi apo, koma mutu wawonso unayamba kutaya zinthu. Lero akudziwa bwinobwino, mawa akukufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Mkazi wanga anali kumaliro, ndiye ndinabwera nawo kuntchito n'kuwakhazika pabenchi. Ndinangolowa m'sitolo kukasankha zipi. Potuluka, benchi ili yokha.

M'mawa ndinali nditawabaya jakisoni wawo. Tiyi anamwa, koma buledi sindinawaone akudya. Anamwino anali atandichenjeza kuti munthu wobayidwa jakisoni ameneyu akakhala ndi njala amayamba thukuta, kenako kunjenjemera, kenako amagwa, mwina osadzukanso. Mawu amenewa ndi amene ndinayenda nawo ulendo wonse.

Mayi wogulitsa nthochi pakona ndiye anawaona. "A Telala, agogo aja atsikira kudepoti. Amati akupita kwawo ku Ndiwozatha, amayi awo akuwadikira."

"Osawagwira bwanji?"

"Iii, ine ndimayesa ndi lesitilanti ya konkuno. Nanga dzina lakelo!"

Amayi awo anamwalira ine ndisanabadwe. Ndiwozatha ndi mudzi umene bambo anabadwira, womwe unasamutsidwa pamene ankamanga likulu, anthu ake n'kumwazikana. Ife tinakulira cha ku Mitundu. Dzinalo ndinkalimva, ndipo anzanga kusukulu ankandiseka nalo, koma pamene mudziwo unali sindinkapadziwa.

Kudepoti ndinafika ndikuzemba mawilibala ndi anthu osenza matumba. Oitanira anali pakalapakala: Kawale, Biwi, Chinsapo, Twente-faifi. Nditatchula kumene ndinkafuna, mmodzi anaseka mpaka kugwira chitseko cha minibasi.

"Ndiwozatha? Ankolo, kumeneko ndi kunyumba kwanga ikangokwana pa 20 mwezi uliwonse!"

Ndinatsala pang'ono kumumenya ndi tepi. Mwayi wake, mnzake anakumbukira chipewa cha khaki ndi ndodo ya bambo. "Madala aja akwera ya City Centre. Amati akuoloka Lingadzi, ndiye tangowaponya m'menemo. Mayi wina wawalipirira."

Ndinakwera yotsatira, K1,500, n'kukhala pawindo kuti ndiziona m'mbali mwa msewu. Minibasi ya masana sidzaza msanga. Dalaivala ankangoliza injini kutinamiza kuti tikunyamuka. Titayamba kuyenda tinakakodwanso pamlatho wa Lilongwe, pomwe galimoto zimakwawa kuposa munthu wapansi. Mkulu aliyense wa ndodo amene ndinamuona, mtima unkadumpha.

Anthu m'minibasimo anali atamva kale vuto langa, koma chimene chinawakoka ndi dzinalo. Mayi wina amene ananyamula zakudya zokagulitsa m'maofesi anati mayina a m'tauni muno onse ndi amisala. "Mtaya ndiye timadziwa, ndi kotaya zinyalala. Nanga Dubai ya ku 49 ija, munaonako ngamila?"

"Amene anayamba kumanga kumeneko ankanyada ngati abwera ndi katundu wakunja," anayankha kondakitala. "Pomwe ku Baghdad ankalimbirana mapuloti, zikwanje zili m'manja."

Wina kumbuyo anatsutsa, nati si mapuloti koma fumbi lake. Aliyense ankalumbira kuti nkhani yake ndiyo yoona, ngakhale panalibe amene analipo. Bambo wina wa tayi ananena modekha kuti manambala ndiwo abwino chifukwa alibe miseche.

"Abwino chiyani?" anatero mayi uja. "Mlamu wanga anabwera kuchokera kumudzi, anaona 14, nati ndikangoyenda pang'ono ndiwerenga 15, 16, mpaka ndifike ku 18. Anakapezeka ku 47 akulira."

Wa tayi uja anavomera kuti manambalawo anaperekedwa potsata mmene malo ankatsegulidwira, osati mmene anayandikanirana. Tsiku lina ndikanaseka nawo. Tsiku limenelo ndinkangofuna onse atsike kuti galimoto ipepuke.

Ku City Centre tinafika nthawi ya nkhomaliro itakwana. Dzuwa la Okutobala linali pamutu penipeni, ndipo ogwira ntchito m'boma ankatsika ku Capital Hill kudzafuna tchipisi pansi pa mitengo. Ndinazungulira pasiteji, kuseri kwa mabanki, mpaka pa ogulitsa mabuku akale. Ndinafunsa a masuti, a mayunifolomu, ogulitsa mayunitsi. Onse funso lawo linali limodzi: "Ndi Area chani imeneyo?" Mtsikana wina wogulitsa madzi anati anaona agogo a chipewa akutsetsereka wapansi, koma dzanja lake linaloza theka la mzinda. Ndinagula mabisiketi n'kuika m'thumba, kenako ndinaiwala kuti ndagula. Mantha anandigwira enieni.

Apo foni inalira. Anali a Ibrahim, abwana aakulu a sitolo imene ndimasokera pakhonde pake, mmwenye wokalamba wobadwira mu Lilongwe momwemo, amene masiku ano amangokhala pampando kuseri kwa kauntala.

"Yohane, makina wasiya poyera. Mayi wa nthochi akuti madala athawa?"

Ndinawafotokozera. Anaseka chapansipansi.

"Ndiwozatha! Bambo anga ankakagula mtedza kumeneko pa njinga, ine ndili pakaliyala. Kumsika ankati anthu ake ndi ouma manja, mlendo akangofika amati ndiwo zatha. Ndi kufupi ndi Lingadzi, kumene lero mukuti 14. Koma usavutike kufunsa, onse kumeneko ndi obwera. Yang'ana mango akuluakulu. A mapulani ankadzala jakaranda, mango akale ndi a m'mudzi."

Wa kabaza ya moto anati K3,000. Sindinanenerere, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Titasiya msewu waukulu, phokoso lonse linatha ngati wina watseka chitseko. Ku Area 14 kulibe wogulitsa nthochi pakona, kulibe ana osewera, kulibe woti n'kumupatsa moni. Kuli mipanda italiitali, waya wa magetsi pamwamba, ndi zithunzi za agalu pamageti. Tinkalowa msewu uwu n'kutulukira uwo, ine khosi lili m'mwamba kuyang'ana nsonga za mitengo. Jakaranda, jakaranda, mkungudza, jakaranda. Wa kabaza anayamba kudandaula za mafuta.

Kenako galimoto ya alonda a kampani inatipitirira ikuthamanga, nyali zikuphethira padenga. Sindikudziwa chimene chinandiuza, koma ndinamugwira phewa wa kabazayo. "Itsateni imeneyo."

Inakaima kumapeto kwa msewu wotsikira kumtsinje. Pamwamba pa mpanda woyera panatulukira mitengo itatu ya mango, yakuda bii, ikuluikulu kuposa nyumba imene inali m'katimo. Pansi pa geti panali bambo anga. Anali atakhala pasimenti, malaya atanyowa ndi thukuta, nsapato imodzi itavuka, manja akunjenjemera. Ndodo yawo inali m'manja mwa mlonda, ndipo awiri ena anali atawagwira kale m'khwapa kuti awakweze m'galimoto.

"Asiyeni! Ndi bambo anga amenewo!"

"Bambo anu amagwedeza geti la eni ake, akuti atsegulireni ndi kwawo," anatero wamkulu wa alondawo. "Aledzera awa. Kapena mwawatuma ndinu kudzaona malo. Akuba masiku ano akutsogoza nkhalamba. Mukalongosola kupolisi nonse."

"Sanaledzere, akudwala shuga. Mukawakweza m'menemo safika."

"Aliyense amatero."

Bambo anandiyang'ana, koma maso awo anandipyola. Milomo inali itayera, mutu ukugwera pachifuwa. Mabisiketi ndinawakumbukira, koma munthu wofika pamenepo satafuna. Pageti panali kakhomo kakang'ono kotsegula pang'ono, ndipo m'katimo munaima mayi mwini nyumba, foni ili m'manja, nayenso mantha ali pankhope. Ine bambo wa ana anayi ndinagwada pasimenti yotentha.

"Mayi, pepani. Shuga masupuni atatu m'kapu ya madzi. Zapolisi tipita, sindikukana. Koma shuga kaye."

Anayang'ana ine, anayang'ana manja a bambo, n'kutseka kakhomo kaja. Ndinamva loko akulira. Mlonda anati, "Mwaonatu," n'kuyambanso kuwakoka. Ndinawakumbatira miyendo bambo anga, ndipo ndikanalumana ndi munthu tsiku limenelo. Kenako geti lonse linatseguka, mayi uja akubwera chothamanga, madzi akutayikira m'kapu.

Ndinawamwetsa pang'onopang'ono, mutu wawo uli pamkono panga. Patapita kanthawi kunjenjemera kunachepa, maso anabwerera, ndipo anapempha chipewa chawo. Mlonda anawabwezera ndodo osayang'ana munthu.

Geti linali likadali lotsegula. Bambo anasuzumira m'kati, naona mitengo ija pakati pa kapinga wothiriridwa. Anamwetulira.

"Uwo wapakatiwo anadzala ndi amayi. Njira ya kuboma inkadutsa apa. Onse opita kukagulitsa mtedza, opita kuchipatala, ankapumira pansi pamenepo, ndipo amayi sankalola munthu adutse osadya. Pofika madzulo ife ana tikabwera kubusa, ankangoti pepani ana anga, ndiwo zatha. Tsiku lililonse! Mpaka anthu anatitcha dzina."

Mayi mwini nyumba anagwira pakamwa. Anati mitengoyo anaipeza, ndipo amisiri ankamuuza kuti aidule chifukwa mizu ikung'amba mpanda.

Ulendo umenewu unandiphunzitsa kuti mzinda uno uli ndi mayina awiriawiri, lina lolembedwa pachikwangwani, lina lokwiririka pansi pa kapinga, ndipo amene akudziwa lachiwirilo akutha mmodzimmodzi. Ndinali wokondwa kuti bambo ali moyo, koma chisoni chinandigwira pamene anatembenukira kwa ine ndi ulemu wonse umene amapatsa munthu wachilendo.

"Nanga inu bambo, mwachokera kutali?"

"Ku Area 2," ndinayankha.

"Kumeneko sindikudziwako. Koma mukuoneka kuti mwatopa."

Anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa buledi wam'mawa uja, atamukulunga bwinobwino m'kampango. Anayenda naye mtunda wonsewo, njala ikuwagwetsa, osamukhudza. Anamunyema pakati, chidutswa chachikulu n'kundipatsa ine ndi manja awiri.

"Idyani, alendo. Ndiwo zatha, koma pano munthu sadutsa ndi njala."