Chimbale Chimene Chinayamba ndi Maliro

Pa lesitilanti ina ku Jumeirah Lake Towers, kudziko la Aluya, ndinkatsuka mbale ndi mnzanga wa ku Chipata. Iyeyo ankalikonda kwambiri gulu lina la azungu loimba rock, limene ngakhale azungu odzadya pathupo sankalidziwa. Tsiku lina anandiikira chimbale chawo m'foni.

"Mwana, iyi ni grunge," anatero. "Nyimbo zonse ni nkhani ya munthu mmodzi."

Ndinkamvera m'sitima ya metro popita kuntchito. Magitala ankalira ngati chigayo, woimbayo akubuula ngati dzino lamugwira. Koma nkhaniyo inandizunguza mutu. Munthuyo anayamba waikidwa m'manda, kenako n'kukwera basi, kukwatira, pomaliza n'kubadwa. Ndinapsa mtima, n'kufunsa mnzangayo ngati anthuwa amaimba ataledzera.

Analanda foniyo n'kugwira pakamwa. Inkangosakaniza nyimbo mwachisawawa! Anaikonza kuti munthu abadwe kaye, afe pomaliza. "Khalas, zatheka, mvera manje."

Ndinamvera bwinobwino, koma sizinandifike pamtima. Mpaka lero sindimvetsa chifukwa chake ndimaisowa nkhani yosokonezeka ija, ya munthu amene amamuika m'manda koma m'mawa amadzukabe kukakwera basi.