Utsi Wokwera Bwino pa Kompyuta Imodzi Yokha

Pa 30 Juni 2003, Lighton Mphanza, mwana wa bambo wa ku Katete amene anabwera ku Kafue kudzagwira ntchito ya njanji, anabweza makiyi a ofesi yojambulira mapulani pa fakitale ina imene inali itangogulitsidwa. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Anatuluka ndi chinthu chimodzi chimene eni ake atsopano sanachifune: kompyuta yakale, yochedwa, imene anaikankha pa wilibala mpaka kunyumba kwake ku Nangongwe.

Patapita zaka zisanu, akuthandiza pa kashopu ka intaneti ku Kafue Estates, anapeza pulogalamu yopangira masewera a pakompyuta. Inali yaulere, ndipo aliyense ankaloledwa kuikonza kapena kuilembera malangizo. Gawo limodzi linalibe wolifotokoza, lija lopangira utsi, fumbi ndi mvula. Zinthu zimenezi zimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri, ndipo munthu amauza pulogalamuyo ndi manambala kuti tituluke tingati, tiyende motani, tizime liti.

Lighton anadzipereka kulemba malangizowo. Manambala sanakopere kwa munthu. Ankapalasa njinga kupita ku Chanyanya, n'kukakhala pafupi ndi amayi owamba nsomba, wotchi ili m'manja, kuyesa nthawi imene utsi umatenga kuti upitirire denga. Fumbi analiphunzira kumbuyo kwa maminibasi m'mwezi wa Okutobala. Akabwerera kunyumba ankasintha manambala kufikira utsi wa pa kompyuta yake utafanana ndi umene anauona. Ntchitoyi inamutengera zaka zinayi, ndipo Loweruka lililonse ankaphunzitsa anthu asanu ndi awiri pa kashopu kaja, kamene makompyuta ake anali okalamba ngati yake yomwe.

Chimene ankafuna chinali chimodzi: kuti masamba ake alowe m'buku lalikulu la pulogalamuyo, limene limawerengedwa m'maiko onse. Anawatumiza mu 2012.

Woyang'anira bukulo, mayi wina wa ku Ulaya, anayankha mwaulemu. Anati mafotokozedwe ndi omveka kuposa ena onse amene analandirapo, koma manambala sakugwira. Pa makompyuta a kwawo utsi wa Lighton unkaphulika n'kutha munthu asanaphethire. Mosadziwa, iye anali atamangirira liwiro la timadontho ku mayendedwe a kompyuta m'malo mwa nthawi ya wotchi. Utsi wake unkakwera mwaulemu chifukwa chakuti makina ake anali ofooka.

Fackson, mnzake wa ku fakitale amene tsopano amagulitsa makala, anamva nkhaniyi pamsika, ndipo atakumana ndi Lighton anamufunsa.

"Ba Lighton, shani, uli bwanji utsi wanu? Wafika ku Ulaya?"

"Wafika, ba Fackson. Koma kuja uthamanga maningi."

"Ndiye muwauze agule makompyuta yogona monga yanu. Yambiri kuno, tizawatumizira."

"Sibangafune."

"Olo bwerani kuno ku malasha. Utsi wanga suthawa munthu."

Lighton anaseka pang'ono, n'kubwerera kukayambanso. Cholakwacho anachimvetsa tsiku lomwelo, koma kukonza chitsanzo chilichonse kunkafuna kuchiona ndi maso pa kompyuta yothamanga, ndipo mwa anthu amene iye ankawadziwa panalibe amene anali nayo. Ankakonza mongoyerekeza, n'kutumiza, n'kudikira kuti anthu akutali amuuze chimene chaoneka. Pa zitsanzo makumi anayi anali atakonza khumi ndi chimodzi pamene pulogalamuyo inatuluka yatsopano, gawo la timadontho litalembedwanso lonse. Yatsopanoyo pa kompyuta yake sinkatseguka n'komwe.

Ophunzira ake anachoka mmodzimmodzi. Wotsiriza, mayi wotchedwa Melody, anamuthokoza, n'kumuuza kuti wapeza ntchito yotaipa makalata ku Lusaka.

Lero Lighton amakonza mafoni pa kathebulo ku Nangongwe. Masamba ake sanalowe m'buku. Utsi wa ku Chanyanya ukadali pa kompyuta yakale ija, ndipo kompyutayo imayaka masiku ena okha.