Dzuwa la Disembala pa Denga la Mayi Chikuse

Ntchito yanga yoyamba ku London ndinaipezera ku tchalitchi. Ndinali nditangofika kumene, ndikukhala kwa mkulu wanga amene anali namwino ku Edmonton, ndipo Lamulungu lililonse tinkakwera basi mpaka ku Peckham, kumene anzathu ankapemphera m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya nsomba zouma. Tsiku lina pulagi ya kiyibodi inapsa nyimbo ili mkati. Kwathu ndinaphunzirako zamagetsi ku sukulu ya ntchito zamanja, choncho ndinabwereka mpeni n'kulumikizanso mawayawo, anthu akupitiriza kuimba ndi manja okha. Titatuluka, bambo wina wa ku Chipata, a Tembo, anandifunsa ngati ndimaopa kukwera pamwamba. Ndinati ayi.

"Ndiye ubwere mailo," anatero. "Usavale za ku tchalitchi."

Mailo m'Chinyanja chawo ndi mawa. Ndinapitadi.

Malo awo antchito anali kunsi kwa mlatho wa njanji, m'chipinda cha njerwa chokhala ngati uvuni. Sitima ikamadutsa pamwamba, masipanala ankanjenjemera pakhoma ndipo aliyense ankayamba wasiya kulankhula. A Tembo ankaika magetsi a sola pa magalimoto ogonamo, aja okhala ndi bedi, khitchini ndi bafa mkati. Makasitomala ambiri sanali anthu opita kutchuthi ayi. Anali anthu amene anasiya nyumba n'kumakhala m'galimoto chaka chonse: okalamba opuma pantchito, achinyamata oyenda ndi agalu, abambo amene banja linawathera. Mkulu wanga sankamvetsa. Ankati ife tinavutika kuti tidzapeze nyumba kuno, eni dziko akuzithawa.

Ntchito yake inali ndi ndondomeko yosasintha. Ndinkakwera padenga ndi makwerero, kulitsuka ndi sipiriti, kenako kumata timiyendo ta panelo ndi guluu wolimba amene amatsekanso madzi. Bowo padenga tinkaboola limodzi lokha, lodutsira waya, chifukwa bowo lililonse ndi khomo la mvula. Wayayo ankatsikira ku leguleta, kabokosi koletsa batire kudzaza mopitirira. Kuchokera pamenepo ankapita ku mabatire a m'nyumba, amene ndi osiyana ndi batire lolizira injini. Fyuzi inkakhala pafupi penipeni ndi batire. Polumikiza tinkayamba batire, panelo pomaliza, titaifunditsa bulangeti kuti isayambe kutulutsa magetsi ntchito ili mkati. Mitu ya waya sitinkapota ndi manja, tinkafinya ndi pulayala yake, ndipo a Tembo ankakoka mutu uliwonse ndi mphamvu zawo zonse. Ukazuka, sankakalipa. Ankangoutaya pansi n'kuchokapo.

Mayi Chikuse anabwera m'miyezi yotentha ya chaka changa chachiwiri. Anali Mmalawi, namwino amene anali atangopuma pantchito, ndipo amuna awo, a Derek, anali mzungu wa konkuno, yemwe kale ankayendetsa mathiraki. A Derek ankadwala mapapo. Usiku ankagona atavala chophimba kumphuno cholumikizidwa ku makina owathandiza kupuma. Awiriwa anabweza makiyi a nyumba ya lendi n'kugula galimoto yogonamo, cholinga chawo chili chakuti kuzizira kusanayambe akhale atafika ku Portugal. Tinawaikira mapanelo awiri, mabatire awiri ndi inveta yaing'ono, yosintha magetsi a batire kuti afanane ndi a m'nyumba. A Tembo anawerengera zonse, makina opumirawo ali momwemo, ndipo anawauza poyera kuti zimenezi n'zokwanira kumene kuli dzuwa, osati ku England m'nyengo yozizira. Onse anavomera.

M'mawa wina m'mwezi wa Disembala foni ya kuntchito inaitana. Anali Mayi Chikuse. Sanali ku Portugal. Anali pa bwalo la mnzawo wina wosunga mabwato, m'mbali mwa mtsinje kupitirira Greenwich. Madokotala anali atawachedwetsa a Derek ndi zoyezayeza, ulendo n'kumangosunthidwa. Makina opumira anali atazima kusanache, ndipo mayiwo anawadzutsa amuna awo n'kuwakhazika tsonga mpaka kunja kutayera. Ankalankhula modekha, ngati akupereka lipoti kwa namwino wolowa m'malo.

Tinalongedza zida m'veni n'kunyamuka. Bondo la a Tembo linali litatupa masiku amenewo, ndiye zokwera ndi zokwawa zonse zinali zanga.

Ndinayamba ndi mabatire. Mita inaonetsa mavoti osakwana khumi ndi limodzi, kutanthauza kuti anali ataphweratu. Ndinayang'ana mafyuzi, onse anali amoyo. Ndinakoka mitu ya waya, palibe unazuka. Ndinakwera padenga, ndinapeza mapanelo atakutidwa ndi madzi oundana. Ndinawapala ndi kapulasitiki, ndinawapukuta, ndinayezanso. Mavoti analipo, koma mphamvu yolowa m'batire sinkafika ngakhale ampu imodzi. Dzuwa linali mmunsi kwambiri, kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, lotuwa ngati mbale ya malata. Ndinauza a Tembo manambalawo ndili pamwamba pomwepo.

"Palibe chafa apa," anatero. "Dzuwa ndiye kulibe."

Tinalowa mkati. A Derek anali atakhala pampando wakutsogolo, atafunda jekete, milomo itada pang'ono. A Tembo anawafotokozera m'Chingerezi kuti njira yabwino ndi kupita ku malo oimikapo magalimoto otere, kumene angalumikize chingwe ku magetsi a pakhoma kufikira tsiku lonyamuka. A Derek anakana. Anati alumikizidwa kukhoma la chipatala mokwanira, ndipo galimotoyi anaigula kuti asadzapemphenso soketi kwa munthu. Anati tiwonjezere mapanelo. A Tembo anayankha kuti ngakhale titadzaza denga lonse, dzuwa limeneli silingayendetse makinawo, ndipo iwo sagulitsa chinthu chimene akudziwa kuti sichigwira ntchito. A Derek anakweza mawu, mawuwo anasanduka chifuwa, ndipo chifuwacho chinatenga nthawi kuti chileke. Tonse tinangoima.

A Tembo ananditembenukira. "Mada, kamba nawo amayi panja. Ine sanimvera."

Sindinkafuna. Mayiwo anali a msinkhu wa mayi anga, ndipo za odwala ankadziwa kuposa ine. Komabe tinatuluka, n'kuima pafupi ndi bwato lina lovundikira. Ndinayamba mozungulira, kuti mwina apite ku malo a magetsi aja kwa masabata ochepa okha, kuti mwina abambo akhoza kumva akawauza iwowo. Anandidula.

"Mwanawe, anthu opuma ndi makina ndawasamalira iwe usanabadwe. Ukuganiza kuti sindikudziwa chimene chikanachitika lero?"

"Pepani, mayi."

"Usapepese. Bamboyu masiku ake ndi owerengeka, madokotala anena, iyenso akudziwa. Akufuna agone m'galimoto yake. Ine sindinakuitaneni kuti mundiuze zoopsa. Ndiuzeni chimene chingatheke."

Ndinakawauza a Tembo mmene anandiuziramo. Anasisita bondo, kenako anayamba kutchula zoti ndikatenge m'veni.

Chimene chinatheka chinali ichi. Makina opumira tinawachotsa pa inveta, chifukwa inveta imadya magetsi ngakhale isakugwira ntchito, ndipo tinawapatsa chingwe cholowa ku batire mwachindunji. Tinawaikira batire lawolawo, latsopano, losagawana ndi nyale, wailesi kapena pampu ya madzi. Batire limenelo linayenera kudzazidwa ndi injini, osati dzuwa. Choncho panafunika waya wonenepa kuchokera kutsogolo, kudutsa kunsi kwa galimoto, ndi lileyi, kaswichi kodzitsegukira kokha injini ikalira n'kudzitseka ikazima. Pomaliza tinaika kabelu kolira batire likayamba kutsika.

Kunsi kwa galimoto ndinakwawako ndine. Pansi panali konkire yonyowa, ndipo kuzizira kunkalowa pamsana kudutsa katoni imene ndinayala. Waya wonenepa akazizidwa sapindika. Ndinkamulowetsa m'paipi yapulasitiki, kumumanga ku chitsulo patalipatali, kutali ndi paipi ya utsi ndi chilichonse choyenda. Zala zinafa moti sipanala inkandipulumuka, ndipo ndinadzicheka pa chala osamva, ndinangoona magazi pa tepi. Ndi magolovesi sindikanatha kugwira timaboti. Mwezi umenewo kuno kumada anthu asanaweruke, ndiye a Tembo ankangoti, "Manje, Mada, manje," kutanthauza kuti ndifulumire, akundipatsira zida ndi dzanja limodzi. Mayi Chikuse anabweretsa tiyi. Ndinamwa nditagona chammbali.

Titamaliza, a Derek analiza injini okha. Lileyi inamveka kuti tha, ndipo mita inakwera kupitirira mavoti khumi ndi atatu. Anavala chophimba chija, mayi anayatsa makina, ndipo tinaima kumvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka. Palibe anaombera m'manja. A Tembo anawauza malamulo ali chiimire: galimoto iziyenda tsiku lililonse, osati kungoliza injini pamalo amodzi, furiji izigwira ntchito ndi gasi, pa batire latsopanolo pasalumikizidwe china chilichonse, ngakhale foni.

"Kabelu aka kakalira," anatero, "musaimbire ine. Muimbire ambulansi."

A Derek anagwedeza mutu, chophimba chili kumaso. Tinakwera veni n'kuyamba kubwerera. Chala changa chinayamba kupweteka titafika ku Deptford, magazi atabwerera m'manja.

Mayi Chikuse ndi a Derek anawoloka nyanja mu Januwale. Uthenga unkatipeza kudzera kwa anthu a ku tchalitchi: afika, aima pafupi ndi gombe, abambo akumakhala panja opanda jekete. Mu Epulo tinamva kuti a Derek amwalira komweko, masana, atakhala pampando kunja kwa galimoto.

Ntchitoyi ndinaipitiriza, ndipo mpaka lero ndimaika sola pa magalimoto ndi mabwato. Chimene ndinatenga pa tsiku lija ndi funso. Kale kasitomala akabwera ndinkayamba ndi kuyeza denga kuti pakwana mapanelo angati. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndafunsa kuti, m'galimoto muno n'chiyani chimene sichiyenera kuzima? Ena amati furiji ya mankhwala, ena foni chifukwa cha mwana amene ali kutali, ena amaseka n'kunena kuti wailesi ya mpira. Chimene atchulacho ndimachipatsa njira yakeyake, ndipo ndimachiwerengera pa dzuwa la tsiku loipitsitsa, osati la tsiku limene tikucheza. Zotsalazo zikhoza kudikira kuti kuche.

Mayi Chikuse anabweranso kunsi kwa mlatho kuja chaka chomwecho. Galimoto anayendetsa okha kuchokera ku Portugal, ndipo analibe maganizo obwerera m'nyumba ya lendi. Ankafuna kuti batire la makina opumira lija tililumikize pamodzi ndi anzake. Ndinatenga mita ndi sipanala, ndipo mwachizolowezi ndinawafunsa funso langa lija.

Anayang'ana mkati mwa galimoto, bedi, makatani, mpando wakutsogolo.

"Palibe," anatero. "Pano chilichonse chikhoza kuzima."

Ndinamasula kabelu kaja, ndinalumikiza batirelo, ndipo ndinakoka mitu ya waya umodziumodzi.