Miphika iwiri ya ndiwo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene miyendo ya abambo inayamba kutupa. Anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Old Town, ndipo phazi lotupa silipalasa makina. Dokotala anati vuto ndi mtima. Anawapatsa mankhwala ndi lamulo limodzi: mchere asiyiretu.

Amayi anamvera. Ankaphika ndiwo miphika iwiri, wathu ndi wa abambo. Masana ndinkawapititsira chakudya, kudutsa anyamata a chipani ofunsa makadi pachipata cha msika. Tsiku lina ndinalawako panjira. Nyemba zopanda mchere zili ngati dothi m'kamwa. Abambo ankadya osadandaula, koma ankadya okha, kuseri kwa makina. Atelala anzawo, omwe kale ankapisa nawo m'mbale imodzi, anayamba kunong'ona. Kumaliro abambo ankakana ndiwo. Kuukwati ankakananso. Komabe miyendo inaphwa, nsapato zinayambanso kulowa.

Kenaka azakhali, alongo awo a abambo, anabwera kuchokera kumudzi. Anayang'ana miphika ija, nalankhula amayi ali pomwepo.

"Achimwene, mwamuna akatupa miyendo n'kumakana mchere wa mkazi wake, ife timadziwa. Ndi tsempho. Mlamu wangayu anayenda ndi wina n'kukuthirirani mchere."

"Ndi mtima. Dokotala ananena," anatero abambo.

"Dokotalayo amagona m'nyumba muno?"

Nkhani inafala Mchesi yonse, komwe tinkakhala. Amayi akafika pampopi, macheza ankatha. Mayi wina anawafunsa, ine ndikumva, kuti mwana ali kumbuyoyo wafanana ndi ndani. Amayi anaonda kuposa wodwala. Azakhali anaitanitsa ankhoswe kuti ukwati uthe.

Anthu atakhala pamphasa, abambo sanadikire kuti mlandu uyambe.

"Amake Lufeyo, bweretsani ndiwo. Mutengenso mchere."

"Abambo ake, nanga dokotala..."

"Thirani ndi dzanja lanu, onse aone."

Amayi anathira.

"Onjezani."

Abambo anadya mpaka kupukuta mbale. Atasamba m'manja anati, "Kuyambira lero mphika m'nyumba muno ndi umodzi. Amene ali ndi mawu pa mkazi wanga anene tsopano."

Ukwati sunathe. Ine ndinanyada tsiku limenelo, sindibisa.

Abambo sankabweza mawu. Amayi anayesa kuchepetsa mchere mobisa, iwo ankazindikira n'kuitanitsa. Mvula isanathe miyendo inatupanso, kenaka mimba. Anasiya kusoka. Ankagona chokhala, atatsamira khoma, chifukwa akagona chagada mpweya unkawathera. Anamwalira chimanga chisanaume.

Pamaliro azakhali anangoti, "Mwaona tsopano." Achibale anatenga makina osokera, ife anatisiyira mphasa ndi ziwiya. Dzina la amayi limene abambo analifera silinayere ngakhale pang'ono.

Patapita zaka, ine nditakwatira kale, amayi anandiuza akusenda nandolo, osandiyang'ana: "Manyazi aja ndikanawapirira, mwanangu. Ndinkafuna abambo ako amoyo. Sanandifunse."

Lero nane ndakalamba, ndipo pali zakudya zimene madokotala anandiletsa. Pachikondwerero kapena pamaliro ndimakana poyera, ndimanena chifukwa kamodzi kokha. Ena amakhumudwa, ena amanditcha wonyada. Ndimawasiya. Ndikumvetsa tsopano kuti abambo sanali mbuli. Ankadziwa chimene mcherewo udzawachite, ndipo anaudya chifukwa chokonda amayi. Koma amene ankafuna kuwatseka pakamwa anadya nawo pamaliro, nabwerera kwawo akulankhulabe. Amayi anakhala amasiye zaka zambiri kuposa zimene anakhala pabanja.