Chotupa Chosamva Masipika

Ku Ludzi kuno, ngati simukuwadziwa a Kefasi ndiye kuti ndinu ogontha. Ndi amene amabwereketsa masipika pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa misonkhano ya andale. Chipani sasankha, amakweza bodza la aliyense mofanana. Ine ndakhala nawo moyandikana zaka khumi ndi zisanu, ndipo ndikuuzeni zoona, bamboyu sadziwa kunong'ona. Ngakhale popereka moni amakhala ngati akuitana ng'ombe ili kutsidya kwa dambo.

Chaka chatha akazi awo, a Tabeth, anawapeza ndi chotupa m'chiberekero. Magazi ankangotayika, mayi wonenepa bwino uja n'kutsala mafupa. Adokotala anati mankhwala ake ndi opaleshoni, ndipo asachedwe. A Kefasi anakanitsitsa kwamtuwagalu. Mayi awo owabereka analowa m'fiyeta, chipinda cha opaleshoni, kalekale osatulukanso amoyo, choncho kwa iwo mpeni wa dokotala ndi wa opha mbuzi zinali chimodzimodzi.

Kenaka mwana wawo Ivy, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anabwera ndi kanema pa foni. Anati kumayiko akunja kuli makina oti wodwala amangogona, dokotala akuona chotupacho pa kompyuta, n'kulunjikitsa mawu amphamvu pamalo amodzi mpaka chotupa kupsa, khungu osang'ambika.

"Mawu?" anafunsa a Kefasi.

"Eee, ababa, koma ndi mawu oti khutu silimva. Ndipo makinawo ali kutali."

Zakhutu ndi zakutalizo a Kefasi sanazimve. Iwo anangotolapo "mawu amphamvu" basi. Nanga m'boma lonse la Mchinji, ndani angawaphunzitse za mawu?

Loweruka m'mawa a Tabeth anagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango, kupumira ululu. Podzidzimuka anangoona masipika anayi atawazungulira, onse atalozetsedwa pamimba. Jenereta inalira, nyimbo ya kwaya n'kuphulika. Nkhuku zanga zinathawira m'fodya, zina sindinazionenso. Anthu anathamangira komweko ndi ziphaso m'manja poganiza kuti kwabwera olembera za feteleza.

A Tabeth anadzuka pang'onopang'ono, n'kukazula waya okha.

"Abambo a Ivy, zaka makumi atatu mwakhala mukundikuwira m'nyumbamu. Chikanakhala chakufa ndi phokoso chotupachi, bwenzi chitamera n'komwe?"

Tonse tinafa nacho chiseko. Koma a Kefasi sanaseke. Anakhala pansi padothi, ndipo ine manyazi anandigwira.

"Ndikuopa, amayi a Ivy. Mukakalowa mmuja osatuluka, ine nditani?"

"Nanenso ndikuopa. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Makina a pa foniwo adzachiza ena, ine wanga ndi mpeni. Lolemba ndikupita, ndipo wondidikirira ndinu."

Anapitadi. A Kefasi anali bambo mmodzi yekha pakati pa azimayi kukhitchini ya odikirira odwala, akupsereza phala tsiku ndi tsiku. Azimayiwo anawatcha Anaphala, iwo n'kumavomera.

Tsiku la opaleshoni ndinali komweko. Maola atatu a Kefasi anaima pakhomo la fiyeta osayankhula ndi munthu, moti ndinayamba kuda nkhawa ndi iwo kuposa wodwalayo. Atawatulutsa a Tabeth, anali gone, maso otseka, milomo itayera mbuu. Namwino anati tiwayankhule kuti tione ngati akutsitsimuka.

A Kefasi anawerama. Ndinkayembekeza pemphero, kapena kamawu kachikondi kamene anakhala akukasunga chikwatirireni. Koma iwo anagogoda chala paphewa pa akazi awo kawiri, monga amachitira ndi maikolofoni.

"Wani-tu, wani-tu. Halo, halo. Tikumvana kumbuyoko?"

Zii. Misozi inayamba kutsika m'masaya mwa a Kefasi. Anabwerezanso, tsopano mokweza mpaka wodi yonse kutembenuka.

A Tabeth anakwinya nkhope, maso akadali otseka.

"Tsitsani voliyumu, inu. Pano m'pachipatala."