Likhweru la Yawipo

Kumtunda kwa mtsinje wa Lohiki kunamveka mphekesera yoti Yawipo ndi mfiti. Umboni wake unali likhweru. Kwathu kuno munthu wamkulu saimba likhweru pamudzi, poti ndi mmene amaitanirana oyenda ndi mizimu ya m'nkhalango. Koma iyeyu, dzuwa likuswa mtengo, ankadzitsekera m'kachipinda ka kutchalitchi, kutchula liwu limodzi n'kuliza likhweru, kutchula lina n'kulizanso. Amayi opita kumunda ankalambalala, ana atawakokera mbali inayo.

Ufitiwo akanautola kuti munthu ameneyu? Ali mnyamata uta unkamukana, mpaka analasa galu wa amalume ake ati ndi nguluwe. Anapita ku Kerema kukasenza matumba padoko zaka zisanu ndi zitatu, n'kubwerako ndi ambulera ndi msana wopindika basi. Chuma chake chenicheni ndi mano. Onse alimo, chifukwa buai, kamtedza kamene tonsefe timatafuna ndi laimu, iye kamamuchititsa chizungulire.

Manowo ndiwo anamupezetsa ntchito. Kunabwera mayi wina wa mpingo, dzina lake Dorika, wofuna kuika chiyankhulo chathu cha Chiakoye papepala. Madala ena atawayesa, mawu ankangothawira m'mipata ya mano. Yawipo yekha ndiye ankamveka. Tsono khutu la mayiyo silinkagwira pokwera ndi potsika pa mawu athu, choncho anamupempha kuti akatchula liwu aziimbanso kanyimbo kake ndi likhweru, iye azijambula timizere. Nkhani yonse ndi yomweyi.

Koma Kotaino, amene mwana wake wamkazi anali atalonjezedwa kwa mwana wa Yawipo, sanakhutire. Nkhumba yake itafa mwadzidzidzi, anayamba kukwirira makoko a buai ndi zotsala za mbatata akangomva kuti Yawipo akudutsa, kuopa kuti angatole n'kukamulodzera. Kenako anatumiza uthenga woti mtsikana sakwera phiri kukakwatiwa kwa Yawipoko mpaka likhwerulo litaleka.

Yawipo anaisinkhasinkha nkhaniyo masiku awiri, mwana wake osamuyankhula. Kuleka sikunali kovuta, koma anaona kuti akaleka lero, mawa anthu adzati wavomera. Tsiku lachitatu anatsikira kwa Kotaino, abale a mtsikana ali pomwepo, nafotokoza za timizere. Iwo anafunsa chifukwa chake mayiyo anasankha iye yekha pamudzi ponse, ndiponso chimene amatsekera chitseko. Iye anati nkhuku ndi ana amasokosa. Palibe anaseka. Kotaino anasendeza makoko ake ndi phazi, nawaponda.

"Asewere, tisazungulire. Anthu akuti mumaitana za m'nkhalango."

"Mawa mubwere, mudzakhale pambali panga chitseko chili chotsegula," anatero Yawipo. "Chikatulukira chinthu, mwana wanuyo mumusunge. Koma kuleka sindileka. Mfiti yanji yodyera mbatata zopempha kwa mlamu wake?"