Ba Fridah, Nigule Chani?

Pamalo okwerera minibasi ku Silverest, kuseri kwa azimayi ogulitsa tomato, pali kashopu ka malata kopaka utoto wobiriwira. Mwini wake ndi Fridah Mwaanga, mayi wamfupi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, wosakonda kukweza mawu. Amagulitsa zitenge, uchi wa m'mabotolo ndi mabisi, mkaka wowawasa wochokera kwa alimi a ku Palabana. Koma ambiri amene amaima pakhomo pake sabwerera katunduyo. Amabwera kudzafunsa choti agule.

Fridah anabadwira kufupi ndi Kasisi ndipo sukulu analekezera giledi seveni. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anapita ku Lusaka kukagwira ntchito ya m'nyumba, nakhalako zaka zoposa makumi awiri, m'nyumba zisanu zosiyana. Maphwando akatha, ndiye ankatola mapepala okulungira mphatso. Anaona zinthu zimene zimalowa m'kabati n'kuchita nkhungu momwemo, anaonanso zimene zimagwiritsidwa ntchito mpaka kung'ambika. Mwamuna wake atamwalira anabwerera kwawo, natsegula kashopuko pamene mapuloti anayamba kudzaza ndi anthu a m'tauni.

Malangizo ake ndi achidule. Nsomba ya kapenta ya wodwala, akuti, ikhale yaing'ono ya ku Siavonga, ndipo uyambe walawa kamodzi kuti umve ngati ili ndi mchenga. Chitenge uchitikite pakona ndi chala chonyowa. Utoto ukatsalira pachala, chisiye. Pa salaula, zovala za kaunjika, usayang'ane kutsogolo kwa malaya, yang'ana m'khwapa ndi pakolala. Mkwatibwi usamugulire matambula agalasi, amene aliyense amabweretsa. Paukwati, akulu uwaikire nyimbo za kalindula asanatope, achinyamata adikire. Nthawi zambiri amatumiza munthu kushopu ya wina ngakhale iye ali ndi katundu wofanana naye, ndipo n'chifukwa chake anthu amamukhulupirira.

Chaka chatha mwezi wa Ogasiti, Lachitatu madzulo, mphepo ikuulutsa fumbi, pakhomo pake panaima mayi wina wovala za ku ofesi. Dzina lake anali Christabel. Iye ndi mwamuna wake Elvis amagwira ntchito m'boma ku Lusaka, ndipo anali atagula puloti kupitirira Silverest, kulowera cha ku Kasisi. Anawagulitsa ndi munthu wina wa m'mudzimo, Sanford, amene atangogulitsa anasamukira ku Kitwe.

"Ba Fridah, bananiuza kuti imwe muziba vogula," anatero Christabel. "Nili na vuto ikulu."

Anafotokoza ataimirira, chikwama chili m'khwapa. Omanga mpanda anadula mtengo wa msuku pakona ya pulotiyo, nachotsa mulu wa miyala ndi kakapu kachitsulo kadzimbiri komwe anapeza patsinde. Lolemba kunabwera gogo wina woyendera ndodo, napeza khoma la mabuloko pomwe panali njira. Pansi pa msukuwo panagona mwana wake wamkazi, Lushomo, amene anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka zitatu, kalekale nyumba zonsezi kulibe. Lachiwiri mwana wamwamuna wa gogoyo, Cheelo, anafika ndi hamala nagwetsa mabuloko asanu ndi atatu. Ananena kuti Loweruka adzabwera ndi abale ake kudzamaliza. Elvis anayankha kuti iye ali ndi mapepala ndipo adzaitana apolisi.

"Ine sinifuna mapolisi," anatero Christabel. "Nifuna kuyenda kuli ba gogo. Manje nigule chani?"

Fridah anapitiriza kupinda chitenge chomwe chinali m'manja mwake mpaka anamaliza. Nkhaniyi anali ataimva kale Lolemba lomwelo.

"Ba gogo bamene mukamba ni bamai banga bakulu. Bakulu bake ba mai banga. Cheelo ni mlongo wanga."

Christabel anabwerera phazi limodzi kumbuyo, nayang'ana kumsewu.

"Nkalani pansi," anatero Fridah, akumukankhira kampando. "Mwabwela kale."

Azimayi a tomato anali atasiya kucheza. Fridah anadziwa kuti dzuwa lisanalowe mawa, kumudzi adzakhala atamva kuti anakhazika mkazi wa pulotiyo m'shopu mwake. Anatsekako chitseko pang'ono.

Choyamba anafunsa zimene Christabel anaganiza yekha. Christabel anati envulopu ya ndalama, ndiponso anzake a ku ofesi anamuuza za nkhuku yoyera.

"Envulopu musiye kunyumba. Mukabapasa, ninshi mwagula mwana wabo. Nkuku yoyela nayo iyai. Baja ni ba Katolika, banaimba mu kwaya ku Kasisi zaka zambili. Bazaganiza kuti mubaona monga ba mizimu."

Kenaka anatchula zoyenera. Bulangeti lolemera, poti kumudziko kumazizira mpaka Ogasiti atatha. Mchere, shuga ndi masamba a tiyi. Mabisi, chifukwa amake Cheelo mano anawathera ndipo nyama kapena kapenta zingangodyedwa ndi ena. Christabel anatambasula dzanja kuloza zitenge za pashelefu, koma Fridah anapukusa mutu.

"Ivi vanga ni va ma ukwati, viwala maningi. Muyende ku maliketi ya Kamwala. Mufune cha kotoni, cholema, cha buluu yakuda, chilibe nkope ya muntu olo malembo."

"Na mutengo? Ningagule musuku unangu wa kubyala?"

"Musagule. Mutengo mufunse beve. Simuziba ngati bafuna unangu."

Kenaka Fridah anawonjezera chinthu chimene sanali nacho chitsimikizo. Maondo a amake Cheelo anali atakana, moti panali patatha zaka zinayi asanafike kutchalitchi. Kawayilesi ka sola kolowetsa khadi, ndi khadi ya nyimbo za kwaya, mwina kakanawafika pamtima. Anatchula munthu wogulitsa zimenezi ku Chongwe.

Pa zovala sananyengerere. Christabel avale chitenge ndi chitambala kumutu. Elvis asavale suti kapena magalasi a dzuwa. Galimoto aisiye kumsewu, alowe m'mudzi wapansi, katundu atanyamula okha. Akawapatsa mipando, akane.

"Tiyendele pamozi, ba Fridah."

"Iyai. Ine nakuuzani chabe vogula."

Lachisanu Cheelo anadutsa pashopupo pa njinga. Sanatsike. Anaponda phazi pansi nati, "Sisi, namvela kuti mwankala loya wa ba Lusaka." Fridah asanayankhe, iye anali atapalasa.

Loweruka m'mawa Fridah anatsegula shopu, nasesa, naikanso loko. Anakumana ndi Christabel ndi Elvis pamphambano pomwe anasiya galimoto. Elvis ndi munthu wamtali, ndipo tsikulo anavala malaya osalala opanda tayi. M'thumba la malayawo munkaoneka pepala lopindidwa. Fridah analiona.

Pabwalo pa amake Cheelo panali amuna asanu ndi mmodzi. Mahamala awiri ndi chitsulo chokumbira anaziyedzeka pankhokwe, poonekera. Gogoyo anakhala pamphasa, miyendo atatambasula, ndodo ili pambali. Panalibe amene anapereka moni. Mkazi wa Cheelo anabweretsa mipando iwiri. Christabel anakhala pansi m'fumbi, ndipo Elvis, atazengereza, anakhalanso.

"Sisi, mwabwela mbali iti?" anafunsa Cheelo.

"Nabwela kuli bamai," anayankha Fridah, nagwada pafupi ndi mphasa.

Fridah ndiye anayankhula m'malo mwa alendowo. Ananena kuti anthuwa alakwa, kuti sanadziwe, ndiponso kuti kusadziwako sikubweza mtengo. Kenaka Christabel anakwawa ndi maondo naika katundu patsogolo pa gogoyo.

Amake Cheelo anamasula chimodzichimodzi, mosafulumira. Bulangeti analikweza m'manja ngati akuliyesa kulemera. Mchere anauika kumanja. Botolo la mabisi analitsegula, nanunkhiza, natseka. Chitenge anachifunyulula pamiyendo nachiyang'ana nthawi yaitali. Nkhope yawo sinasinthe. Potsiriza anatulutsa kawayilesi.

"Aka ni kachani?"

"Ni nyimbo za kwaya, amai," anatero Christabel.

"Yasha timvele."

Christabel anadina batani. Chimene chinatuluka sichinali kwaya. Inali nyimbo ya m'mabala, ya ng'oma zogunda pachifuwa, mnyamata akuimba za chiuno cha mkazi, ndipo voliyumu inali kumapeto. Wogulitsa uja anali atapereka khadi ina, ndipo panalibe amene anaiyesa. Christabel anafufuza pozimitsira, osapapeza. Cheelo anadzuka, nakalanda, nakaponya kukhoma la nkhokwe. Kanazima.

"Mwamvela?" anatero kwa anzake aja. "Babwela kuvina pa manda ya mlongo wanga."

Awiri mwa amunawo anaimirira. Wina anatenga hamala. Elvis nayenso anayamba kudzuka, ndipo Christabel anamugwira mwendo wa buluku.

Fridah anagona chammbali pansi patsogolo pa mphasa, monga amachitira akazi a kumeneko popepesa akulu, nawomba m'manja.

"Amai, kawayilesi nine ninabauza. Beve sibanakaganizile. Ninafunika kukamvela poyamba, sininamvele. Mulandu uyu ni wanga."

Anakhala chigonere. Fumbi linamumata patsaya. 

"Uka, Fridah," anatero amake Cheelo. "Iwe Cheelo, nkala pansi. Manda ni ya mwana wanga, si yako." Anatembenukira kwa Elvis. "Imwe batate, muli chabe zii. Mwabwela na chani mu thumba umo?"

Elvis anatulutsa pepala lija. Cheelo anaseka mwaukali nayang'ana anzake. Fridah, amene anali atangodzuka, anaona kuti zonse zathera pamenepa.

Elvis analitambasula pansi, naikapo mwala kuti lisauluke.

"Iyi ni mapu ya puloti, amai. Ninabwela nayo kuti nikuonetseni kuti malo ni yanga." Analoza pakona ya pulotiyo papepalapo. "Koma palibe manda apa. Ba Sanford sibananiuze. Munionetse pamene mwana agona, na pamene mufuna chipupa chipite."

Gogoyo sanayang'ane pepalalo.

"Sinifuna munda wanu. Nifuna njila. Nikafuna kuona mwana wanga, nisagogode pa geti ya muntu."

"Na mutengo, amai?" anafunsa Christabel motsitsa mawu. "Tibyale unangu?"

"Uja unamela weka. Musiye. Mubweze chabe myala na kapu yake."

Kakapu kaja kanali katatayidwa kudzala pamodzi ndi zinyalala za omanga. Christabel ananena zoona, kuti sakudziwa ngati kapezeka. Nkhope ya gogoyo inagwa, ndipo kwa kanthawi zinaoneka ngati nkhani ibwerera poyambira.

Anapita onse kupuloti masana omwewo, amake Cheelo atakwezedwa pakaliyala ya njinga. Christabel anavula nsapato nalowa m'dzalamo, akufukula ndi manja pakati pa matumba a simenti ndi zidutswa za mabuloko, amuna aja ataimirira m'mphepete kumuyang'ana. Patatha pafupifupi ola anakapeza, katapindika mbali imodzi. Gogoyo anakapukuta ndi nsonga ya nsalu yawo. Kenaka analemba mzere pansi ndi ndodo, kuchokera panjira yakale mpaka kuzungulira chitsa, ndipo Elvis anavomera osayeza. Khoma la pakonapo analigwetsa Cheelo yemweyo ndi hamala yake, Elvis akuchotsa zidutswa, osayankhulana.

Amake Cheelo anasunga bulangeti, mchere, shuga ndi tiyi, ndipo mabisi anamwa tsiku lomwelo. Chitenge anachivala pa Misa ya Khirisimasi, Elvis atawatenga pagalimoto. Za wayilesi sanafune kumvanso. Fridah anawapititsira ina patapita mwezi, atamvetsera yekha nyimbo zonse m'shopu, koma anaibweza, nati makwaya a masiku ano amathamanga.

Cheelo sanamukhululukire Fridah. Amanena kuti banja likanalimba, malo onsewo akanabwerera, ndipo kuti mlongo wake ndiye anaphunzitsa alendo mogwadira. Abale ena amagwirizana naye. Pamaliro a msuweni wawo mwezi wa Febuluwale, Fridah anakhala ndi azimayi ophika tsiku lonse ndipo ochepa okha ndi amene anamuyankhula. Iye sanadandaule kwa munthu. Akafunsidwa amangoti akanakana kuthandiza, wina akanavulala Loweruka lija, ndipo sakudziwa kuti akanakhala ndani.

Sabata yatha kunabwera Angela, mwana woyamba wa Cheelo, amene akukwatiwa mu Disembala. Anatsika minibasi, nayang'ana uku ndi uku, nalowa msanga m'shopu. Ankafuna kudziwa telala amene angasoke madiresi a operekeza osawononga nsalu, ndi choti apatse apongozi ake aakazi. Fridah anamufunsa za apongoziwo, msinkhu wawo, kwawo, ndi ngati amalima. Kenaka anamutchulira telala wina wa ku Chongwe, namuuza kuti apite ndi diresi limodzi kaye aone msoko wake.

"Batate bako baziba kuti uli kuno?"

"Sibaziba, ba anti."

"Ku ukwati banilemba?"

Angela anayang'ana pansi. "Bakalibe kukamba."

Fridah anagwedeza mutu. Anasuzumira panja kuona ngati pamsewu pali njinga ya Cheelo, kenaka anamutulutsira khomo la kumbuyo, kumene kuli kanjira kotulukira kuseri kwa malo ogulitsa simenti.